Arne Nordheim ndi okestra imene inaphunzira kwa tepi

Nyimbo za okestra za Arne Nordheim, wopeka nyimbo wa ku Norway amene anabadwira m'tauni ya Larvik pa 20 Juni 1931 ndi kumwalira ku Oslo pa 5 Juni 2010, zimamusokoneza munthu amene akuzimva koyamba, chifukwa khutu limafunafuna zinthu ziwiri zimene linazolowera ndipo silizipeza msanga. Limafuna kugunda kokhazikika kumene phazi lingatsatire, ndiponso limafuna chuni chimene munthu angachiimbe yekha akutuluka mu holo. M'malo mwa zimenezi limakumana ndi kulira kwa mabelu kumene kumazilala pang'onopang'ono, mavayolini ambiri atagwira mawu aatali osasuntha, kenako mkokomo wa malipenga ndi ng'oma umene umabwera mosayembekezereka n'kuchokanso. Kuti munthu amvetse chimene chikuchitika, ayenera kudziwa kumene Nordheim anaphunzira kamvedwe kameneka. Anakaphunzira m'situdiyo za wailesi, pa makina a tepi, ndipo zimene anazipeza kumeneko anabwerera nazo ku okestra n'kuzilemba pa pepala kuti anthu ogwira zoimbira za matabwa ndi zamkuwa azichite ndi manja awo.

Okestra yaikulu ya ku Ulaya imakhala ndi oimba pakati pa 80 ndi 100, ogawidwa m'magulu anayi: a zoimbira za zingwe monga vayolini ndi cello, a zitoliro, a malipenga, ndi a zoimbira zomenya. Kwa zaka zambiri kagawidwe ka ntchito kanali kodziwika, kakuti gulu lina linyamula chuni pamene ena akuchichirikiza pansi, ndipo nyimbo imayenda kuchoka pa chiyambi kupita ku mapeto monga nkhani yokhala ndi mutu. Ku Norway mwambo umenewu unali ndi dzina la munthu mmodzi, Edvard Grieg, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1843 mpaka 1907 ndipo analuka nyimbo zake kuchokera ku magule ndi nyimbo za anthu akumidzi. Dzikoli linapatukana ndi Sweden mu 1905, ndipo linalamulidwa ndi asilikali a Germany kuyambira 1940 mpaka 1945, choncho sizodabwitsa kuti nkhondo itatha anthu ambiri ankayembekezera kuti wopeka nyimbo wa ku Norway azimveka ngati Norway, kutanthauza kuti azimveka ngati mdzukulu wa Grieg. Wopeka nyimbo wina wa ku Norway, Fartein Valen, amene anamwalira mu 1952, anali atatsata njira ina, koma anakhala zaka zambiri kumudzi kwawo kumadzulo kwa dzikolo ndipo nyimbo zake sizinkaimbidwa kawirikawiri.

Nordheim analowa sukulu ya zoimbaimba ya ku Oslo mu 1948 kuti aphunzire kuimba limba la m'tchalitchi. Ali pasukulupo anamva simfone yachiwiri ya Gustav Mahler, nyimbo yaitali yonena za imfa ndi kuuka kwa akufa imene imafuna okestra yaikulu, kwaya ndi mabelu, ndipo anasankha kukhala wopeka nyimbo. Mu 1955 anakaphunzira ku Copenhagen kwa wopeka nyimbo Vagn Holmboe, ndipo chaka chomwecho ku Paris anamva nyimbo zopangidwa ndi mawu ojambulidwa pa tepi. Ntchito yoyamba imene inamutchukitsa kunja kwa Norway inali Aftonland, nyimbo za woimba mmodzi zochokera pa ndakatulo za Pär Lagerkvist wa ku Sweden, zonena za madzulo a moyo wa munthu. Kenako mu 1960 anamaliza Canzona, nyimbo ya okestra yonse, imene anatengera nzeru kwa Giovanni Gabrieli, wopeka nyimbo wa ku Venice wa zaka za m'ma 1500 amene ankaika magulu a oimba m'mbali zosiyana za tchalitchi kuti azilandizana. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuisunga, chifukwa ikuonetsa kuti Nordheim anali atayamba kale kuganizira za mawu oyenda m'malo, ochoka kuno n'kuyankhidwa uko, asanaike tepi mu nyimbo ya okestra.

Tepi ya maginito, imene achinyamata ambiri a lero sanaionepo, ndi kansalu kopyapyala kapulasitiki kozengedwa pa gudumu, kamene kamasunga mawu pamene kakudutsa pa mutu wa makina. Popeza mawuwo amakhala atasanduka chinthu chogwirika, munthu angathe kuwadula ndi lumo, kuwamata pena, kapena kuwaseweretsa chobwerera m'mbuyo. Akachepetsa liwiro la tepi ndi theka, mawu amatsika n'kukhala a besi ndipo amatalika kawiri, kotero kuti kulira kwa kabelu kakang'ono kumasanduka kubangula kwakuya kumene palibe choimbira chilichonse chimene chingakutulutse. Akadula chiyambi cha kulira kwa belu, pamene chitsulo chamenyedwa, chotsalacho sichimvekanso ngati belu, chimangomveka ngati mawu oyandama amene munthu sangadziwe kumene achokera. Akamata mapeto a tepi ku chiyambi chake, mawu amazungulira osatha. Ndipo akaika makina awiri motalikirana, oyamba akujambula pamene achiwiri akuseweretsa tepi yomweyo, chimene chaimbidwa tsopano chimabwereranso patapita kanthawi, monga mmene mawu a munthu woitana mnzake kutsidya kwa chigwa amabwererera kwa mwini wake atasintha pang'ono. Munthu amene wakhala miyezi yambiri akugwira ntchito yotereyi amasiya kumva nyimbo ngati mndandanda wa manotsi, ndipo amayamba kumva moyo wa mawu amodzi: mmene amabadwira, mmene amakulira, mtundu wake, ndi nthawi imene amatenga kuti afe.

Chipatso choyamba chachikulu cha kamvedwe kameneka ndi Epitaffio, ya mu 1963, yolembedwera okestra ndi tepi. Maziko ake ndi ndakatulo ya mizere itatu yokha ya Salvatore Quasimodo, mlakatuli wa ku Italy amene analandira mphoto ya Nobel mu 1959. Ndakatuloyo imanena kuti munthu aliyense amaima yekha pa dziko, kuwala kwa dzuwa kutamulasa, ndipo posakhalitsa kwada. Nordheim sanapatse munthu aliyense pa nsanja kuti aimbe mizereyi. Anajambula mawu a kwaya pa tepi, n'kutengamo mawu ochepa okha, onena za kukhala wekha, za nthaka ndi za madzulo, ndipo anawasintha ndi makina mpaka anatsala pang'ono kusiya kumveka ngati a munthu. Nyimboyi imayamba ndi zoimbira zachitsulo zomenya, zowala ndi zakuthwa, ndipo zingwe zimalandira kulira kwa zitsulozo n'kukugwira kuti kusazilale, ngati kuti okestra ikukana kuti belu lisiye kulira. Tepi silowa msanga. Pamene ikulowa, kumapeto kwa nyimbo, womvera sazindikira nthawi yeniyeni imene mawu a masipika alowa m'malo mwa mawu a zingwe, ndipo pamenepa ndi pamene pali luso la nyimbo yonseyi. Opeka ambiri a nthawi imeneyo ankaika tepi pambali pa okestra ngati mlendo wodabwitsa wofuna kuti aliyense amuone, pamene Nordheim anaibisa mkati mwa okestra, kotero kuti mawu a anthu amamveka ngati akutuluka m'mimba mwa zoimbira zenizenizo.

Sanali yekha pa njira imeneyi. Ku Poland, Krzysztof Penderecki anali atalemba nyimbo ya zoimbira za zingwe 52 yokumbukira anthu amene anafa ku Hiroshima, ndipo György Ligeti wa ku Hungary anatulutsa Atmosphères mu 1961, nyimbo imene ilibe chuni kapena kugunda koonekera, koma mawu ambirimbiri oundana pamodzi amene amasintha mtundu pang'onopang'ono. Nordheim anatenga zambiri ku gulu limeneli, ndipo munthu wosafuna kumukomera angathe kunena kuti m'zaka za m'ma 1960 iye ankabweretsa ku Oslo zimene zinali zitapsa kale ku Warsaw. Koma pali kusiyana kumene kumamveka. Mkati mwa mawu oundanawo, Nordheim kawirikawiri amasiya mzere umodzi woimba, kaya wa cello, wa chitoliro kapena wa munthu, umene umakwera ndi kutsika monga nyimbo yamaliro. Iye mwini ankakonda kunena kuti chilichonse chiyenera kuimba, ndipo ankatanthauza ngakhale chitsulo ndi makina. Anthu akwawo sanamve choncho poyamba. Dzina lake linasanduka chitsanzo cha nyimbo zimene ankazinyoza kuti ndi "pling-plong", ndipo iye sanali munthu wokhala chete, popeza kuyambira 1960 mpaka 1968 ankalemba ndemanga za zoimbaimba m'nyuzipepala ya Dagbladet, mmene ankadzudzula kusafuna zatsopano kwa mabungwe a nyimbo a dziko lake.

Eco, imene anaimaliza mu 1968, ndi yaikulu kuposa Epitaffio ndipo ndi yaukali kwambiri. Imafuna woimba wamkazi wa mawu okwera, kwaya ya ana, kwaya ya akuluakulu ndi okestra, koma ilibe tepi. Mawu ake ndi a Quasimodo yemweyo, ndipo imodzi mwa ndakatulo zake ikukumbukira nthawi imene asilikali a Germany anapondereza Italy, pamene mitembo inkasiyidwa m'mabwalo, n'kufunsa kuti alakatuli akanaimba bwanji m'masiku otero. Aliyense wodziwa Baibulo adzazindikira kumene chithunzichi chachokera, chifukwa ndakatuloyo ikutsatira Salimo 137, mmene akapolo a ku Babulo anapachika azeze awo pa mitengo ya m'mbali mwa mitsinje. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale mulibe makina, nyimboyi imamveka ngati yapangidwa m'situdiyo. Kwaya imagawidwa m'magulu ambiri ang'onoang'ono, mawu amodzi amaduka m'zidutswa zimene zimamwazikana pakati pa oimba, ena amanong'ona pamene ena akufuula, ndipo chimene gulu lina layamba chimabwerezedwa ndi lina mochedwerapo. Nyimbo imeneyi ndi imene inamupezetsa mphoto ya nyimbo ya Nordic Council, bungwe la mayiko a kumpoto kwa Ulaya, mu 1972.

Popeza Norway inalibe situdiyo yokwanira ntchito yotere, kuyambira 1967 Nordheim ankapita kawirikawiri ku Warsaw, ku situdiyo yoyeserera ya wailesi ya dziko la Poland, kumene ankagwira ntchito ndi katswiri wa makina Eugeniusz Rudnik. Zambiri zimene anapanga kumeneko si za okestra, koma ziwiri mwa izo zimathandiza kumvetsa zimene zinatsatira. Mu Colorazione, ya mu 1968, woimba limba lamagetsi la Hammond ndi woimba zomenya amamva zimene aimba zikubwerera m'masipika patapita masekondi pafupifupi 15 zitasinthidwa ndi makina, ndipo amayenera kuimba pamodzi ndi mbiri yawo yomwe. Mu Poly-Poly, imene inkamveka m'nyumba ya mayiko a Scandinavia pa chionetsero cha dziko lonse ku Osaka mu 1970, matepi asanu ndi limodzi otalika mosiyana ankazungulira nthawi imodzi, ndipo anawerengera kuti pangatenge zaka 102 kuti onse akumanenso pamene anayambira. Munthu woganiza za nthawi motere sangalembenso nyimbo imene imangothamangira ku mapeto.

Zimenezi zimaonekera mu Floating ya mu 1970 ndi Greening ya mu 1973, nyimbo ziwiri za okestra yokha popanda waya uliwonse. Greening inalembedwera wotsogolera okestra Zubin Mehta ndi okestra ya Los Angeles Philharmonic, ndipo ambiri amaiona ngati pachimake pa ntchito zake za okestra. Kachitidwe kake kangafotokozedwe motere. M'malo moti mavayolini onse aimbe mzere umodzi monga mwa chizolowezi, amagawidwa mpaka pafupifupi woimba aliyense akhale ndi mzere wakewake. Woyamba amayamba kachuni kakafupi, wachiwiri amakayamba mochedwerapo pang'ono, wachitatu mochedwerapo kuposa apo, mwina pa liwiro losiyana, ndipo khutu silingathenso kutsatira aliyense payekha, limangomva chinthu chimodzi chachikulu chikuyenda. Umenewu ndi uja mchitidwe wa makina awiri a tepi, koma wochitidwa ndi anthu makumi angapo. Pena zeze wamkulu wa okestra kapena belu amamenya noti imodzi, ndipo chitoliro chimailandira mwakachetechete n'kuitalikitsa, monga mmene lumo linkachotsera chiyambi cha belu. Pena chinthu chimene chinamveka mofulumira pa mawu okwera chimabweranso pa malipenga akuya chitatambasulidwa, ngati tepi yochepetsedwa liwiro. Womvera amene wadziwa zinthu zitatu izi ali ndi chogwirira, chifukwa m'malo mofunsa kuti chuni chili kuti, amafunsa kuti mawu amene wangomva aja abwerera liti ndipo abwerera atavala chiyani.

Katswiri wa magule a ballet Glen Tetley anaona kuti nyimbo zoyenda chonchi zimagwirizana ndi thupi la wovina, ndipo anapanga gule pa Greening ku Stuttgart mu 1975. Ubale wawo unabala ntchito yaikulu ya usiku wathunthu yochokera pa sewero la Shakespeare lotchedwa The Tempest, imene inaonetsedwa koyamba ku Schwetzingen ku Germany mu 1979. Muli okestra, oimba awiri ndi tepi, ndipo chilumba chamatsenga cha m'sewerolo, chimene Shakespeare anachifotokoza kuti n'chodzaza ndi mawu osadziwika kochokera, chinali malo oyenera munthu wa luso lake. Ntchito imeneyi ndi yofewa ndi yokoma kukhutu kuposa za m'mbuyo, ndipo anthu ambiri amene ankamunyoza anayamba kumumvera kuchokera pamenepa. M'zaka zomwezo analembanso Spur, ya mu 1975, ya akodiyoni ndi okestra, polemekeza luso la Mogens Ellegaard wa ku Denmark. Kusankha akodiyoni kunali kulimba mtima, popeza ambiri ankaiona ngati choimbira cha kumadansi, koma Nordheim anamva mmenemo chinthu chimene chimapuma ngati mapapo ndipo chingagwire noti imodzi yopyapyala kwa nthawi yaitali mofanana ndi makina amagetsi.

Ntchito imene ine ndimaiona kuti ndi yakuya kuposa zonse ndi Tenebrae, ya cello ndi okestra, imene analembera katswiri wa cello Mstislav Rostropovich ndipo inamveka koyamba mu 1982. Dzinali ndi la mapemphero akale a Sabata Loyera mu mpingo wa Katolika, mmene makandulo ankazimitsidwa imodziimodzi mpaka tchalitchi chonse chitada. Mu nyimbo za mtundu umenewu, zimene woimba mmodzi amaima patsogolo pa okestra, mwambo unali wakuti iye aonetse ukatswiri wake ndipo pamapeto apambane. Pano cello sipambana chilichonse. Imayamba kulankhula, okestra imaikwirira ndi mkokomo, iyo imatulukanso ndi mawu ake, ndipo izi zimachitika kangapo. Nordheim anagwirizanitsa nyimboyi ndi buku la Thomas Mann lotchedwa Doktor Faustus, mmene mukufotokozedwa nyimbo yongopeka imene imatha ndi noti imodzi yokwera ya cello, zoimbira zina zonse zitakhala chete. Apa zinthu ziwiri za moyo wake zimakumana bwino lomwe: mawu oundana amene anaphunzira ku Poland ndi mzere woimba umene anautenga kwa Mahler, ndipo palibe chimene chikugonjera chinzake. Chaka chotsatira analemba Wirklicher Wald, mmene cello ikuimbanso pamodzi ndi woimba wamkazi, kwaya ndi okestra, pa mawu a Rainer Maria Rilke ndi a m'buku la Yobu.

Mu 1982 boma la Norway linamupatsa Grotten, nyumba yaulemu yoyandikana ndi nyumba yachifumu ku Oslo, imene imaperekedwa kwa waluso mmodzi kuti akhalemo moyo wake wonse, ndipo iye atamwalira inapatsidwa kwa mlembi Jon Fosse. Kuyambira pamenepo Nordheim anakhala munthu amene dziko limapitako likafuna nyimbo ya mwambo waukulu, ndipo maoda ankabweranso kuchokera kunja. Magma, ya mu 1988, inalembedwera chikondwerero cha zaka 100 za okestra ya Concertgebouw ya ku Amsterdam, ndipo ndi nyimbo yolemera, yodzaza ndi mawu akuya oyenda mwaulesi koma mwamphamvu. Mu 1994, chaka cha masewera a Olimpiki a nyengo yozizira ku Lillehammer, anatulutsa Draumkvedet, sewero loimba lochokera pa ndakatulo yakale ya ku Norway yonena za Olav Åsteson, amene anagona tulo usiku wa Khirisimasi n'kudzuka patatha masiku 13 ataona dziko la akufa ndi chiweruzo. Apa munthu amene anayamba ntchito yake pokana kukhala mdzukulu wa Grieg anagwiritsa ntchito vayolini yachikhalidwe ya ku Hardanger. Sikuti anabwerera m'mbuyo, chifukwa choimbira chimenechi chili ndi zingwe zina zinayi kapena zisanu pansi pa zimene zimakhudzidwa ndi uta, ndipo zapansizo zimalira zokha poyankha zapamwamba. Kubwerera kwa mawu kumene anakakufuna ku Warsaw kunali kale m'manja mwa alimi a kwawo.

Zina mwa ntchito zake zomaliza za okestra ndi Adieu ya mu 1994, yokumbukira wopeka nyimbo Witold Lutosławski wa ku Poland amene anamwalira chaka chimenecho, nyimbo ya vayolini ndi okestra imene analembera woimba vayolini Arve Tellefsen chapakati pa zaka za m'ma 1990, ndi Fonos, ya lipenga la trombone ndi okestra, imene inabwera zaka za m'ma 2000 zitayamba. Pa ntchito za nthawi imeneyi pali dandaulo limene siliyenera kubisidwa. Nordheim ankabwereka kwa iye mwini kwambiri, kotero kuti kachidutswa kamene kanamveka mu nyimbo ina kamapezekanso mu ina, ndipo mabelu aja, zingwe zoundana zija ndi kuphulika kwa malipenga kumene kumatsatira bata zimafika pokhala zodziwikiratu kwa amene wamva nyimbo zake zisanu motsatizana. Omuteteza amayankha kuti kukumbukira ndiwo mutu wa ntchito yake yonse, ndipo munthu amene amapangitsa mawu kubwerera mkati mwa nyimbo imodzi sakulakwa akawabweretsanso patapita zaka khumi. Yankholi lili ndi mphamvu pa nyimbo ya vayolini ija, mmene zakale zimabwera zitasinthadi, koma silikwanira pa nyimbo zina za pa miyambo, zimene zimamveka ngati zalembedwa ndi dzanja lozolowera.

Palinso vuto lina limene limakhudza makamaka ntchito zokhala ndi tepi. Pepala la manotsi lingakhale zaka mazana ambiri, koma tepi ya maginito imawonongeka, ndipo makina oiseweretsa sapangidwanso monga kale, choncho mawu a Epitaffio ndi The Tempest anayenera kusamutsidwira pa kompyuta. Ngakhale atasamutsidwa, pamafunikabe munthu wokhala pa makina mu holo amene amadziwa kukweza ndi kutsitsa masipika kuti agwirizane ndi okestra ya tsiku limenelo, chifukwa akangokweza mopitirira, msoko umene Nordheim anaubisa umaonekera ndipo nyimbo imagawika pawiri. Wotsogolera okestra nayenso amataya ufulu wina, popeza tepi siyembekezera munthu ndipo iye ayenera kufika pamalo oyenera pa sekondi yoyenera. Zimenezi, pamodzi ndi kuchuluka kwa oimba ndi nthawi yokonzekera imene zingwe zogawidwa zija zimafuna, ndi zina mwa zifukwa zimene nyimbozi zimamvekera kawirikawiri pa zojambulidwa kusiyana ndi pa nsanja. Okestra ya Oslo Philharmonic inajambula zingapo mwa izo, kuphatikizapo Canzona, Epitaffio ndi Fonos, ndipo woimba cello Truls Mørk anajambula Tenebrae. Wofuna kuzimva pa intaneti achite bwino kugwiritsa ntchito mahedifoni, chifukwa sipika ya foni imataya mawu akuya ndi mawu apansipansi, ndipo mu Greening ndi Magma mbali yaikulu ya nyimbo ili m'mawu amenewo.